Mphindi Zitatu Zouzira Kapepala

Mwana wa alongo anga ankachoka m'maganizo ali chiimire, maso ali otsegula, kambirimbiri pa tsiku, koma makina oyeza ubongo atamuyeza koyamba sanapeze kanthu. Makinawo sananame. Amene tinasokoneza zinthu ndife abale ake, ine ndemwe ndili m'gulu.

Ndi mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, ali Sitandade 5 kachiwiri. Kwawo ndi ku Wimbe, kumene makolo ake amalima fodya wa bale pa maekala awiri. Ine ndimakhala pa Boma la Kasungu. Ndinali mtolankhani ku Lilongwe zaka zambiri, ndipo nditasiya ntchitoyo ndinabwerera kwathu ndi zizolowezi ziwiri: kuyenda ndi kabuku m'thumba la shati, ndi kusakhulupirira nkhani imene ndaimva kwa munthu mmodzi yekha.

Matenda a mwanayu analibe phokoso. Sankagwa, sankaphupha, sankatuluka thovu kukamwa. Ankangoima. Mawu ankamuthera pakati, maso n'kuyang'ana kutsogolo osaona kanthu, zikope zikuphethira pang'ono. Pakapita masekondi khumi kapena kupitirirako pang'ono, ankapitiriza zimene amachita ngati palibe chachitika. Ukamutuma zinthu zitatu ku golosale ankabwera ndi ziwiri. Kusukulu ankamutcha waulesi. Kunyumba ankati ndi mwano, ndipo vutolo analipatsa dzina: "zake zija".

Chimene chinandikayikitsa ine chinali kope lake. Ndinalitsegula tsiku lina nditapita kukacheza. Zimene anakopera pa bolodi zinali zathunthu, zolembedwa mosamala. Koma zimene aphunzitsi ankatchula pakamwa kuti ana alembe zinali ndi mabowo: chiganizo chikuyenda bwino, kenako mawu anayi kapena asanu palibe, n'kupitiriranso patsogolo. Mwana waulesi amasiya kumapeto. Sasiya pakati n'kudzapitiriza.

Mvula itakhazikika, fodya atafika m'chiuno, alamu anga, bambo a mwanayo, anandiuza zimene anaganiza. Tinali titaima m'mphepete mwa munda.

"Alamu, kusukulu akungomaliza makope. Aphunzitsi akuti akamufunsa funso amawayang'ana ngati ng'ombe yoyang'ana basi. Tikayamba kuthyola ndimutenga, azisoka fodya m'chigafa. Kumeneko akaima, fodya sadandaula."

"Mwanayu akudwala, alamu."

"Akudwala chiyani? Kudya akudya, kuthamanga akuthamanga. Inu atolankhani, mbuzi ikangotsokomola mumati mliri."

Alamu anga si munthu woipa. Ndi mlimi, ndipo nyengo yothyola ikafika dzanja lililonse la pakhomo limakhala ndi ntchito. Koma kwathu malume ndiye mwini mbumba, ali ndi mawu pa ana a mlongo wake. Masiku ano udindo umenewu timautulutsa pa chinkhoswe ndi pamaliro pokha. Tsiku limenelo ine ndinautulutsira m'munda. Tinagwirizana motere: ndimutengera mwanayo kuchipatala. Akapezeka ndi matenda, apitiriza sukulu. Akapanda kupezeka nawo, ine nditseka pakamwa. Tinagwirana chanza. Mumtima ndinkati ndapambana kale.

Dokotala wa pa Boma anamvetsera, anafunsa mafunso ambiri, anayang'ananso kope lija, kenako anatilembera kalata yopita ku chipatala china ku Lilongwe kumene kuli makina ojambula magetsi a mu ubongo. Tsiku limene anatipatsa linali patsogolo ndi milungu itatu.

Milungu imeneyo ndinawerenga pa foni chilichonse chimene ndinapeza. Ubongo umagwira ntchito ndi magetsi, koma amene amafika pakhungu la mutu ndi ochepa kwambiri, moti makina amayenera kuwakulitsa kuti aoneke. Mawaya amene amamata pamutu salowetsa magetsi mwa munthu. Amangomvetsera, ndipo kompyuta imajambula zimene amvazo ngati mizere yoyenda. Ndinawerenganso kuti kunja ofufuza anapita patali kuposa pamenepo. Ali ndi timawaya tochepa ngati tsitsi timene amatilowetsa mu ubongo wa mbewa n'kumamva kaselo kamodzikamodzi kakugwira ntchito, ndipo ena amatha kuyatsa ndi kuzimitsa timaselo timeneto ndi kuwala. Nditawafotokozera alamu zimenezi anaseka mpaka kukhala pansi.

"Mbewa? Ife tikuzikumba ndi khasu, iwo akuzilumikiza magetsi? Auzeni zikatha ntchito azitumiza kuno."

Chinthu chimodzi ndinachiwerenga n'kuchinyalanyaza. Pansi pa kalata ya dokotala panali mzere wa Chingerezi wonena kuti tsitsi likhale lotsuka, lopanda mafuta, losaluka. Ndinaona ngati ndi nkhani yaing'ono, ndipo alongo anga sindinawauze.

Munthu wa kwathu sapita ku Lilongwe mutu uli nyankhalala. Alongo anga anamutengera mwanayo kwa mayi woluka wa pamsika. Anamuluka tsiku lathunthu, timizere tating'ono tothinana, n'kumupaka mafuta mpaka mutu kunyezimira. Anamuveka diresi la Khirisimasi. Nditakumana nawo pa depoti ya pa Boma m'mawa wa tsikulo, ndinaona mutuwo, ndinakumbukira mzere wa Chingerezi uja, koma minibasi inali itadzaza kale ndipo ndinati tikaonera komweko.

Tikudutsa Mponela, alongo anga anawerama n'kulankhula ndi mwanayo motsitsa mawu. Ndinamva.

"Kumene tikupitaku kuli anthu ophunzira. Usakachite zako zija pamaso pawo. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Ine ndinamugwira paphewa n'kuwonjezera zanga. "Ndi mayeso osavuta. Ukakhoze bwino, eti?"

Woyendetsa makinawo anali mayi wamfupi, wa magalasi, wachangu. Anayang'ana mutu wa mwanayo, anaukhudza ndi chala, n'kuyang'ana chalacho.

"Amene analukayu ndi katswiri. Koma pepani mayi, timasula zonsezi. Waya samata pa mafuta."

Kumasulako kunatenga ola ndi theka, pa benchi ya panja. Amayi awiri amene ankadikira odwala awo anabwera kudzathandiza, wina ndi chipeso, wina ndi kamtengo ka machesi. Ine ndinatumidwa kukagula sopo wochapira zovala. Tinamutsuka mutu pa mpopi anthu akudutsa, diresi la Khirisimasi litanyowa m'khosi monse. Mwanayo sanalire. Alongo anga ndiwo anali ndi nkhope ya munthu amene wagwa pagulu, ndipo pomupukuta anamunong'onezanso: "Tsopano ukakhale phee."

M'chipindamo mayi uja anayeza mutu ndi tepi ngati ya atelala, anaika timadontho ndi pensulo yofiira, kenako pa dontho lililonse anamata waya ndi phala loyera. Ndinawawerenga mawayawo: anapitirira makumi awiri. Mizere inayamba kuyenda pa kompyuta kuchokera kumanzere kupita kumanja. Tsegula maso, tseka maso. Anamuyatsira nyale yothwanima kumaso. Pomaliza anamupatsa kapepala kuti akagwire patsogolo pa kamwa.

"Uziuzira kapepalaka mwamphamvu, osaleka, mphindi zitatu. Yamba."

Mphindi zitatu zimenezo ine ndinazithera pa kompyuta. Sindinkadziwa kuwerenga mizereyo, koma ndinaiyang'anitsitsa ngati munthu woyembekezera chigoli. Mwanayo ndinamupatsa msana. Zaka zonse zija ndinkauza ongoyamba kumene ntchito kuti ku msonkhano aziyang'ana anthu, osati nsanja yokha. Tsiku limene malangizowa anafunika kwa ine, ndinayang'ana nsanja.

Mizere inakhala yaing'ono, yofatsa, mpaka kumapeto. Dokotala anati zotsatira zake n'zabwinobwino. Mayi wa makina uja anatiperekeza mpaka pakhomo n'kunena mawu amene ndinawalemba pomwepo: "Makinawa aona theka la ola lokha la moyo wake. Kusapeza kanthu sikutanthauza kuti palibe. Muzimuyang'anitsitsa."

Alamu anamva mbali yoyamba yokha. "Makina anena, alamu. Tinagwirana chanza." Lolemba lotsatira mwanayo sanapite kusukulu. Yunifolomu inachapidwa, kupindidwa, n'kuikidwa m'sutikesi.

Ndinatseka pakamwa monga ndinalonjezera. Za maso sitinapangane. Patatha milungu iwiri ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kupita ku Wimbe, nditanyamula zovala za masiku anayi.

"Ndabwera kudzathandiza fodya."

Alamu anayang'ana nsapato zanga zopolisha. "Fodya wamva. Wasangalala."

M'kabuku ndinagawa tsamba patatu: nthawi, zimene akuchita, ndi kutalika kwa kuimako. Ndinkakhala pamene ndingathe kumuona, n'kumanamizira kukulunga chingwe. Tsiku loyamba ndinalemba kasanu ndi kawiri. Lachiwiri kasanu ndi kanayi, mwina chifukwa diso langa linali litazolowera. Zina zinamupeza akusoka, singano ili m'mwamba. Kamodzi zinamupeza akupereka moni kwa mlendo, ndipo amayi ake anamutsina. Koma zambiri zinaunjikana pa nthawi ziwiri, m'mawa ndi masana, ndiponso pamalo amodzi: kukhitchini.

Kudera kwathu nkhuni ndi zosowa. Mitengo inathera ku zigafa, ina kukhala mizati, ina mikangala yopachikapo fodya, chaka ndi chaka. Kukhitchini kumatsala zitsononkho, mapesi ndi tinthambi tonyowa ndi mvula. Moto wotere suyaka ndi machesi okha. Umafuna munthu agwade, aike nkhope pafupi ndi mafuwa, auzire mpaka kumva chizungulire. Ntchito imeneyi pakhomopo inali ya mwanayu.

Poyamba ndinaganizira utsi. Koma utsi umakhalapobe moto ukayaka, ndipo iye ankakhala momwemo akuphika osaima. Ndinaganiziranso phula la fodya wamuwisi, limene limadwalitsa anthu othyola, koma vutoli linalipo ngakhale miyezi imene kumunda kulibe fodya. Tsiku lachitatu m'mawa ndinaima pakhomo la khitchini ndi wotchi m'manja. Anagwada n'kuyamba kuuzira. Isanakwane mphindi imodzi anaima, ali chigwadire, nkhope ili pafupi ndi moto umene unali utangoyamba kugwira. Lawi linanyambita mphepete mwa chitenje chake. Ndinamukokera kumbuyo n'kuzima ndi dzanja. Patapita masekondi khumi ndi awiri anandiyang'ana modabwa.

"Amalume, mwalowa nthawi yanji?"

Masana ake ndinamuperekeza ku mjigo. Ndinanyamula ndowa imodzi kuti anthu aziseka ine m'malo momvetsera zimene tikukambirana.

"Ukamauzira moto chimachitika n'chiyani?"

Anayankha akuyenda. "Ndimachoka."

"Umapita kuti?"

"Kaya. Zimakhala ngati wailesi ikaduka. Ikamabwerera, nyimbo ili kale patsogolo."

"Unadziwa liti kuti kuuzira kumayambitsa zimenezi?"

"Kalekale."

"Unauzapo munthu?"

"Akanati ndikuthawa ntchito."

"Nanga ku Lilongwe, atakupatsa kapepala kaja?"

Apa anayang'ana pansi. "Sindinauzire. Ndinkangokweza mapewa. Mpweya ndinkatulutsa pang'ono pokha, woti kapepala kagwedezeke."

"Chifukwa chiyani?"

"Amayi anati ndisachite zanga zija. Inunso munati ndikakhoze." Anatula ndowa n'kundiyang'ana. "Ndinakhoza, si choncho?"

Ndafunsapo akuluakulu a boma, apolisi, anthu ogwidwa ndi katundu m'manja. Palibe yankho limene linandiumitsa pakamwa ngati limeneli. Kuuzira kapepala kuja kuli ndi cholinga chimodzi, ndicho kuputa matendawo kuti aonekere mawaya ali pamutu. Munthu akapuma mwamphamvu kwa nthawi, mpweya wa m'magazi umasintha, ndipo mwa ana odwala motere ubongo umachita zake pomwepo. Ife tinayenda ndi mwana makilomita oposa zana kuti akaonetse matenda, tikumulangiza njira yonse kuti awabise. Ndipo anatimvera.

Ndinakwera pa chulu cha kuseri kwa nyumba, pamene netiweki imagwira, n'kuimba ku chipatala kuja. Mayi wa makina anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Bwerani nayenso Lachinayi m'mawa. Pakali pano asayandikire moto, asakwere njinga, asapite ku dambo yekha. Ndipo mumuuze kuti ife zake zijazo ndi zimene tikufuna."

Alamu ndinawapeza m'chigafa, atakwera pamwamba akupachika fodya. Alongo anga anali atakhala pansi akusoka. Ndinawawerengera za m'kabuku, mzere ndi mzere, kenako zimene mwanayo anandiuza ku mjigo.

"Kabuku kanu si makina, alamu."

"N'chifukwa chake tikubwereranso ku makina."

"Lachinayi? Masamba a m'munsi apsa kale, ena ayamba kugwa okha. Fodya sadikira dokotala. Ndiponso mukabwera ndi pepala lina, ndidziwa bwanji kuti simunawanyengerere? Pakamwa panu timapadziwa."

Mawu omalizawa anawanena akuseka, koma ndinawatenga mwachidwi. Pepala lobwera m'thumba langa silikanatulutsa yunifolomu m'sutikesi. Anafunika kuona okha.

"Ndiye mupite ndinu. Ine nditsala, ndisoka fodya wanu."

Anatsika, n'kundigwira dzanja, kulitembenuza ngati munthu wogula nsomba. "Inu? Singano munaigwirapo?"

"Ndiphunzira."

"Mundionongera chaka chonse."

"Masiku awiri sangaononge chaka. Mwana akagwera pamoto, chimenecho n'cha moyo wonse."

Amene anamaliza nkhaniyo anali alongo anga. Chitenje chowauka chija anali atachiona kale. Anabaya singano pa chingwe, anaitana mwanayo, n'kumuuza pamaso pa tonse.

"Ndinakuuza kuti ubise. Ndinalakwa ndine. Ulendo uno ukauzire ngati nkhuni zagonera pa mvula. Bambo ako akupita, akakuone."

"Sindinanene kuti ndikupita," alamu anatero.

"Mwanena tsopano. Shati yanu ndichapa lero."

Anamumeta mwanayo tsitsi lalifupi ndi sizasi, kumutsuka ndi sopo, osapaka kanthu. Ananyamuka atatuwo Lachitatu masana kuti akagone kwa msuweni wathu ku Lilongwe.

Masiku awiri amenewo ndinagwira ntchito yolemera kuposa ina iliyonse imene ndinagwirapo. Kusoka fodya kumaoneka kophweka ukamaonerera. Umatenga tsamba, kuboola tsinde lake ndi singano yaitali, kulikankhira pa chingwe, kutenga lina, mpaka mtolo utakwana kupachika pa mkangala. Ndinali ndi amayi awiri aganyu, akazi a matenanti a pa esiteti yoyandikana nafe, ochokera ku Phalombe. Iwo akamaliza mikangala inayi ine ndinali ndikadali pa woyamba. Masamba ankang'ambika m'manja mwanga.

"Abambo, tsamba si envelopu. Mwaligwira ngati mukufuna kuliwerenga."

"Asiyeni amwali, mwina muli uthenga."

Pofika masana zala zinali zitada ndi phula, zikumatirana, ndipo msana unali utauma. Koma chovuta sichinali msana. Ndine munthu wozolowera kukhalapo chinthu chikamachitika. Nkhani imene ndinailimbikira miyezi iwiri inali kufika pachimake ine kulibe, ndili ndi singano m'manja. Lachinayi m'mawa ndinakwera pa chulu paja katatu. Foni sinalire. Ndinadziletsa kuimba, chifukwa ndikanaimba alamu akanati ndikuwongolera makina ndili kutali.

Anafika dzuwa litapendeka. Ndinasamba m'manja n'kuchita zimene ntchito inandiphunzitsa: mboni zitatu, aliyense payekha.

Alongo anga anaona zochepa. Mwanayo atangoyamba kuuzira, iwo anatsinzina n'kumapemphera, n'kumasuzumira mwa apo ndi apo. Anati zinachitika katatu.

Mwanayo anati anauzira mpaka zala kuchita dzanzi, kenako anangoona bambo ake ataima pafupi ndi bedi, pamene poyamba anali pa mpando wa kukhoma. Mmene anafikira pamenepo sanaone.

Alamu anandifotokozera m'chigafa, ataimirira, maso ali pa fodya wopachika, osati pa ine.

"Sanafike ngakhale mphindi imodzi. Kapepala kanagwa. Mizere ija inali ikuyenda ngati nyerere, inangodumpha yonse pamodzi, italiitali, ngati mano a sowo. Mayi uja akuti, bambo, muitaneni. Ndinamuitana dzina. Katatu. Akuti, nenani mawu aliwonse, timufunsa akabwerera. Ndinati nkhuku yoyera. Mizere itagona, akumufunsa, bambo ako anati chiyani? Iye akuti, sananene kanthu."

Anathothola katsamba kouma n'kukafikisa m'zala mpaka kusanduka fumbi.

"Maso anali pa ine, alamu. Monga mmene amandiyang'anira kuno ndikamamukalipira. Zaka ziwiri ndakhala ndikukalipira munthu woti palibepo."

Iwo anati zinachitika kawiri. Anatulutsa pepala m'thumba la shati, lopindidwa kanayi. Pepalalo linagwirizana ndi alamu: kawiri, koyamba masekondi khumi ndi limodzi, kachiwiri asanu ndi anayi. Pansi pa mizereyo panali tizigawo ta masekondi. Ndinaika chala n'kuwerenga nsonga zake: zitatu pa sekondi iliyonse, monga momwe ndinawerengera kuti zimakhalira pa matenda amenewa. Dokotala analemba kuti ndi mtundu wa khunyu umene sugwetsa munthu, umene umagwira ana, ndipo anawauza kuti ambiri umawasiya akamakula.

Mawu akuti khunyu alongo anga anawalandira movutika. Anapempha kuti tisawatchule kunja kwa nyumba, poti anthu akamva amaletsa ana awo kudya mbale imodzi ndi wodwalayo, ngakhale matendawa sapatsirana. Ndinawauza kuti kwa aphunzitsi tiwatchula, kwina tiona. Kubisa kunali kutatidyera kale pafupifupi mwezi wa sukulu. Pomaliza anati, "Mukawauze aphunzitsiwo ineyo ndilipo."

Alamu anapita kukayendera ntchito yanga. Anatsitsa mkangala umodzi n'kuutembenuza uku ndi uku.

"Mwathinanitsa. Awa awola asanaume." Anakhala pansi, anamasula chingwe, n'kuyamba kusokanso okha. "Chaka chamawa mukafuna kuthandiza, muzibwera ndi wailesi, muzitiyatsira."

Pamene ndikulemba izi, mwanayo wamwa mankhwala masiku atatu, m'mawa ndi madzulo. Dokotala anati ayambe ndi ochepa, aziwonjezeredwa pang'onopang'ono, ndipo asadumphitse tsiku ngakhale aoneke kuti wachira. Kusonkha moto kwabwerera kwa alongo anga, amene tsopano akupemerera ndi chivundikiro cha ndowa. Kuimako sikunathe. Dzulo anaima kanayi.

Mawa, Lolemba, abwerera kusukulu. Kalata ya dokotala tikaipereka ine ndi alongo anga kwa ahedi, pamodzi ndi mapempho awiri: akhale pa benchi ya kutsogolo, ndipo aphunzitsi akaona kuti waima, adikire pang'ono n'kubwereza funsolo. Watsalira mitu itatu ya masamu, ndipo mayeso a teremu atsala milungu inayi. Loweruka lililonse ndizipita ku Wimbe kukakhala naye pa makope obwereka kwa anzake. Pakatha mwezi akaonedwanso pa Boma, ndipo ngati kuimako kudzakhale kusanachepe, mankhwala adzasinthidwa. Alamu anena kuti tsiku limenelo adzamuperekeza okha.